Zimene Hotaru Anaona Atawerama

A Kumagai akamabwera ndi uthenga woipa amadzera kaye m'sitolo ya timakeke ta nyemba pafupi ndi siteshoni ya Nerima. Akhala mkonzi wanga zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndinaphunzira kuyeza tsoka langa poona kukula kwa bokosi. La timakeke tinayi ndiye kuti ndijambulenso tsamba limodzi. La timakeke khumi, mutu wonse wa sabata imeneyo wakanidwa. Lachiwiri limenelo analowa atanyamula bokosi ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu, n'kuvula nsapato pakhomo mosayang'ana munthu kumaso.

"Muli tingati mmenemo?" ndinawafunsa.

"Makumi awiri ndi tinayi, Aphunzitsi," anayankha, poti ife ojambula nkhani amatiitana choncho.

"Chiharu, tereka tiyi. Kuli maliro."

Chiharu Nabeta, amene wandithandiza kujambula kwa zaka khumi ndi chimodzi, anaika cholembera chake pansi n'kulowera kukhitchini osaseka.

Ine ndine Motoko Ushijima, koma dzina limeneli amalidziwa ndi a positi ndi dokotala wanga wa mano. Pa nkhani zonse za zithunzi, zija timati manga, zimene ndajambula palembedwa Tetsuzo Ushijima, dzina la mwamuna. Ndili mtsikana, tsiku limene ndinapita koyamba ndi zithunzi zanga ku magazini yathu, mkonzi wina anaziyamikira kenako n'kuti, "Anyamata sawerenga zojambula mkazi. Tikupezerani dzina." Ndinavomera poganiza kuti nza chaka chimodzi. Papita zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Nkhani imene tinkajambula nthawi imeneyo inali ya Hotaru, mtsikana woimba m'gulu la atsikana khumi ndi asanu ndi mmodzi, woima kumbuyo kwenikweni kumene kuwala kwa nyali kumafikako kutatopa. Lamulo la magulu amenewa aliyense amalidziwa: mtsikana asakhale ndi chibwenzi, kuti mwamuna aliyense wogula tikiti azidzinamiza kuti mwayi ulipo. M'mutu wa sabata yapitayo, nyuzipepala inali itatulutsa chithunzi cha Hotaru atagwirana dzanja ndi mnyamata wokonza mabasi.

A Kumagai anamwa tiyi pang'ono, n'kutulutsa pepala la zotsatira. M'magazini iliyonse mumakhala kakadi. Owerenga amachonga nkhani zitatu zimene zawakomera n'kutumiza pa positi, makina amawerenga, ndipo nkhani imene yakhalitsa kumchira imadulidwa popanda chisoni. Pa nkhani khumi ndi zisanu ndi zinayi, ife tinali achitatu kuchokera kumapeto.

"Bwana Inokuchi akuti Hotaru apepese," anatero a Kumagai, kunena za mkonzi wamkulu.

"Apepese kwa ndani? Waba chiyani?"

"Mukudziwa mmene zimakhalira, Aphunzitsi. Aime pansanja, awerame, alire. Masamba awiri athunthu, misozi ioneke bwino. Akuti anyamata amakonda zimenezo, makadi adzabwera. Akutinso siketi ifupikeko."

"Munthu ali pa misozi, siketi ifupikenso?"

"Ine ndangotumidwa."

"Nanga mnyamata woponya mpira uja wa m'nkhani ya a Onodera? Ali ndi atsikana anayi, wina mng'ono wa mnzake, ndipo sabata ndi sabata ali pamwamba. Iyeyo anapepesa liti?"

A Kumagai anayang'ana m'kapu ngati yankho lamira mmenemo.

"Chimakomera mbuzi kugunda galu," anatero Chiharu ali kukhitchini.

"Akapanda kupepesa," anapitiriza a Kumagai motsitsa mawu, "bwana akuti mutseke nkhaniyi m'mitu itatu."

Ndikanakonda kunena kuti ndinawaponyera bokosi lija kumaso. Ayi, ndinavomera. Ndinachita mantha. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo munthu wa msinkhu wanga nkhani yake ikadulidwa samuitananso. Nkhani ikatha, ntchito ya Chiharu nayo yatha. Tsiku lomwelo ndinajambula zapensulo, Hotaru akulira ngati mwana wotayika pamsika, a Kumagai n'kupita nazo. M'mawa mwake anaimba foni kuti bwana wavomera ndipo wadinda.

Lachinayi m'mawa ndinafika pa tsamba lowerama lija, dzanja n'kukana. Ine sinditha kujambula thupi la munthu kuchokera m'mutu, ndimafuna ndilione. Pa zaka zonsezi Chiharu wakhalapo wankhonya, wakhalapo nkhalamba yogwa pa njinga, wakhalapo ngakhale mtembo pansi pa tebulo. Ndinang'amba mapepala asanu, kenako ndinati, "Iwe, taima apo uwerame. Kuwerama kopepesa kwenikweni kuja."

Anaika cholembera pansi. Kenako anaimirira, anakankhira mpando pambali, anaphatikiza zidendene, dzanja lamanzere pamwamba pa lamanja, n'kutsika. Msana unali wowongoka kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. Sindinaonepo munthu akuwerama chomwecho m'nyumba ya wamba, atavala juzi yothimbirira ndi inki.

"Usagwedezeke," ndinatero, pensulo ikuthamanga.

Ndinajambula zimene aliyense amajambula: pamwamba pa mutu, tsitsi likugwera kutsogolo, mapewa. Ndili mkati, chigongono changa chinakankha labala, n'kugubuduzika mpaka pa mapazi ake. Ndinatsika pampando, ndinagwada kuti ndimutole, ndipo ndili pansipo ndinakweza maso.

Nkhope ya Chiharu inali pamwamba panga. Maso anali otseguka, ouma gwa, atayang'ana malo amodzi. Milomo inkagwedezeka.

"Ukupemphera?"

"Makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu," anatero. "Makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi. Makumi atatu." Anaweramuka, nkhope itafiira. "Mukanadikira pang'ono, Aphunzitsi. Munthu samusokoneza akuwerenga."

Ndinkadziwa kuti Chiharu anaimbako ali mtsikana. Anatchulapo kamodzi, ine n'kuti, "Oo," n'kumupatsa tsamba loti ajambule mitambo. Tsiku limenelo ndinakhala pansi pomwepo, labala ali m'manja, iye n'kukhala moyang'anana nane.

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi," anatero. "Ku Nagoya. Wina anatijambula ine ndi mnyamata amene tinali naye kalasi imodzi, tikudya m'kalesitilanti ka pasiteshoni. Ku ofesi ya gulu anandiphunzitsa kupepesa masiku atatu. Mayi wina ankandiika rula pamsana, ikagwa ndiyambirenso. Akuti ukaweramuka usanafike makumi atatu ndiye kuti ndiwe wamwano, ukapitirira ndiye kuti ukuchita sewero."

"Unalira?"

"Anandipaka mankhwala oyabwa m'munsi mwa maso. Misozi inabwera yokha, ine ndinalibe nayo gawo."

"Nanga unkaganiza chiyani nthawi yonseyo?"

"Nsapato." Anaseka pang'ono. "Zinali za gulu, zinkanditsina chala chaching'ono. Pansi anamata tepi yoyera mopingasa kuti ndidziwe poima, ndipo ngodya imodzi inali itamatuka, tsitsi la munthu litakanirira pamenepo. Ndinaliyang'ana tsitsi limenelo mpaka ndinalidziwa ngati mbale wanga. Pa khumi ndi zisanu ndinamva njala. Pa makumi awiri wina anakuwa kuti hule. Pa makumi awiri ndi zisanu ndinalumbira kuti ndikaweramuka ndiwauza kuti sindinalakwe."

"Unawauza?"

"Ndinati pepani. Patatha miyezi iwiri anandichotsabe."

"Mnyamatayo?"

"Ali ndi ana atatu ndi dazi. Palibe anamufunsapo kanthu."

Manyazi anandigwira mpaka m'makutu munatentha. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkamutuma mkazi ameneyu kujambula mazenera ndi mitambo, uku ine ndikupeka nkhani ya moyo wake pa tebulo loyandikana nalo, ndipo sindinamufunse ngakhale funso limodzi. Ndinapsanso mtima, chifukwa tsamba lowerama limeneli ndaliona m'mabuku osawerengeka, ndipo onse amalijambula ataima kumene kwaima oonerera. Aliyense wajambula pamwamba pa mutu wa mtsikana. Palibe anagwada kuti aone nkhope.

"Chiharu, ndikufuna ndijambule zimene wandiuzazi. Kuchokera pansi."

"Bwana anadinda zina."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwanso kuti akadula nkhaniyi, ine ndikapakira katundu m'mashelefu a sitolo?"

"N'chifukwa chake ndikupempha. Ukati ayi, ndijambula misozi."

Anatenga kakeke kamodzi m'bokosi la a Kumagai lija, anakadya konse pang'onopang'ono, n'kupukuta zala pa juzi.

"Jambulani," anatero. "Koma musamukongoletse. Munthu akawerama magazi amathamangira kumutu, masaya amalendewera, mphuno imatuluka madzi. Mukajambula duwa ndikwiya."

Tinagwira masiku anayi. M'malo mwa masamba awiri a misozi, ndinagawa masamba anayi m'timabokosi makumi atatu, kalikonse ndi nambala yake. Chimodzi, tepi. Ziwiri, nsonga za nsapato. Zisanu ndi ziwiri, nkhope ya Hotaru yoonera pansi, masaya olendewera, maso ouma. Tsitsi lokanirira pa tepi analijambula Chiharu mwini, ndipo sanalole kuti ndilikhudze. Pa makumi atatu Hotaru akuweramuka, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti, "Zikomo pobwera. Ndili ndi munthu amene ndimamukonda. Amakonza mabasi, mwina ena mwabwera pa basi yake. Sindinakubereni kanthu. Tsopano ndiimba." Tsamba lomaliza pakamwa pake pali potseguka, oonerera sakuoneka. Kunena zoona, inenso sindinkadziwa kuti achita chiyani.

Lolemba masana ndinakumana ndi a Kumagai m'chipinda cha tiyi pansi pa maofesi a magazini ku Jimbocho. Masamba akamapita kosindikiza amatsagana ndi kapepala ka zidindo. Cha bwana Inokuchi chinalipo kale kuyambira tsiku limene anavomera zapensulo zija. Chinatsala cha a Kumagai, chotsimikizira kuti zimene zikupita ndi zomwe bwana anaona. Ku ofesi imeneyo wamng'ono sadinda chowongoka. Amapendeketsa chidindo chake kuti chiweramire cha bwana, ndipo cha a Kumagai chinkapendekeka kwambiri moti tsiku lina ndinawafunsa ngati chikudwala msana.

Anawerenga masambawo kamodzi, anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwerenganso. Akanangonyamuka n'kukwera nawo m'mwamba kwa bwana, nkhani ikanathera pomwepo.

"Izi si zimene bwana anaona," anatero.

"Bwana anati awerame. Wawerama masamba anayi. Ndawonjezera ndi mbasela."

"Misozi?"

"Mphuno ikutuluka madzi. Madzi ndi madzi."

"Siketi?"

"Ioneka bwanji, a Kumagai, ife tikuyang'ana pansi?"

Sanaseke. Anaika chala pa kabokosi ka khumi ndi zisanu, pamene Hotaru akuganiza za chakudya, n'kukhala pamenepo nthawi yaitali.

"Inenso ndimawerenga," anatero. "Ndikamawerama pamaso pa bwana."

"Mumafika pangati?"

"Khumi. Kapeti wa mu ofesi mwawo ali ndi banga la khofi looneka ngati chilumba cha Sado. Ndimalidziwa kuposa nkhope ya mkazi wanga."

Anatulutsa chidindo m'kathumba kake, anachinyika mu inki yofiira, anachiuzira mpweya monga amachitira nthawi zonse. Anadinda pafupi ndi cha bwana, chowongoka. Anachiyang'ana ngati wachita kudabwa nacho, n'kulowetsa masambawo mu envelopu.

"Akandisamutsira ku magazini ya alimi a maluwa, mudzandiyendere," anatero.

Magazini itatuluka, bwana Inokuchi anandiimbira foni yekha, koyamba pa zaka zonsezi. Anandiuza kuti ndawononga maloto a anyamata, kuti ndine wosayamika, kuti magazini si malo olalikirapo. Ndinkangoti, "Inde, bwana," ndipo ndinadzipeza ndikuweramira foni ili kukhutu. Patapita masiku awiri kunabwera envelopu yopanda dzina, muli masamba anga anayi ong'ambidwa tizidutswa. Sabata yotsatira zotsatira zinatuluka. Tinali omaliza, kumchira kwenikweni. Lamulo linabwera loti titseke m'mitu itatu.

Chiharu anapitiriza kujambula mazenera a basi, mzere ndi mzere, ngati palibe chachitika. Ndinaimirira pambali pa tebulo lake, ndinaphatikiza manja, n'kuyamba kutsitsa mutu.

"Musayerekeze," anatero osakweza maso. "M'nyumba muno zimenezo zinatha. Ndipatseni tsamba lachisanu ndi chinayi."

Lachisanu m'mawa belu la pakhomo linalira. Nditatsekula ndinaona katoni yaikulu, miyendo ya a Kumagai ili pansi pake.

"Chiharu," ndinaitana, "bokosi ili ndiye kuti magazini yonse yapsa."

"Si timakeke," anatero a Kumagai akupuma mwa wefuwefu. Anaika katoniyo pansi n'kuitsekula. Munali makadi okhaokha, odzaza mpaka kukamwa.

Anafotokoza atakhala pansi. Ataona zotsatira zija, china chake sichinawakhale bwino: magazini inagulidwa monga mwa nthawi zonse, koma makadi owerengedwa anachepa. Kutsutsa galu n'kukumba, ndiye anatsikira kuchipinda cha pansi kumene kuli makina. Kakadi kathu kali ndi timabokosi tochonga basi, ndi malo a dzina ndi adiresi. Malo olembapo maganizo palibe, chifukwa amene anakakonza kalekale ankati mnyamata salemba kalata. Makinawo akapeza khadi lolembedwa kunja kwa timabokosi amalilavula ngati lodetsedwa. Sabata iliyonse ankalavula ochepa, n'kutayidwa, ndipo palibe anaganizapo zowawerenga. Sabata imeneyo anadzaza katoni.

Ndinatola limodzi. Nkhani yathu inali yochongedwa, ndipo m'mphepete monse munali timalemba ting'onoting'ono tozungulira khadi lonse. Wolemba anali mayi wogulitsa zakudya ku Sendai, amene amawerenga magazini imene makasitomala asiya pa tebulo. Lina linali la mkazi amene amawerenga ya mwamuna wake iye akapita kuntchito, zaka khumi, osamuuza. Lina la mayi amene ankalengeza za nyengo pa wailesi ya kanema ya kwawo, n'kuchotsedwa mwezi umene anakwatiwa. Panali anamwino, ana asukulu, agogo. Panalinso amuna. Wina wa zaka makumi asanu analemba mzere umodzi wokha: "Ine ndinakuwako tsiku lina. Sindinaganizepo kuti amamva."

Ambiri ankayamba mofanana: "Bambo Tetsuzo, inu mwamuna mwadziwa bwanji zimenezi?" Ndinaseka mpaka misozi inatuluka, kenako kuseka kunatha misozi n'kutsala. Zaka zonsezi ankandiuza kuti ndibisale chifukwa owerenga ndi anyamata okha, ndipo akazi amenewa ankawerenga mobisala nawonso, aliyense pakona pake.

"Ndawawerenga ndi manja masiku awiri," anatero a Kumagai. "Dzulo ndinakaika katoniyi pa tebulo la bwana, pamwamba pa nyuzipepala yawo. Mukaphatikiza awa, muli achisanu."

"Anati chiyani?"

"Poyamba anati makadi odetsedwa ndi odetsedwa. Ndinawafunsa ngati magazini imene anthuwa anagula inalinso yodetsedwa." Anapukuta thukuta. "Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani, Aphunzitsi. Koma akuti mupitirize. Lamulo lotseka lija lachotsedwa."

"Anapepesa?"

"Mabwana sapepesa. Akuti iwo anaona kalekale kuti nkhaniyi ili ndi tsogolo."

Ndinakhala pansi pafupi ndi katoniyo. Ndinasangalala ngati mwana, sindibisa. Ndinawauza a Kumagai kuti poti manja awo aphunzira kudinda chowongoka, akawauzenso bwana kuti chaka chamawa pachikuto palembedwe Motoko.

"Pang'onopang'ono, Aphunzitsi," anatero. "Msana ndili nawo umodzi."

Nthawi yonseyi Chiharu anali atagwada mbali ina ya katoni, akuwerenga khadi ndi khadi mwakachetechete. Kenako anasiya kutola ena. Anagwira limodzi ndi manja awiri, n'kundipatsa.

Linalembedwa ndi pensulo. "Ndine Konoha, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndimaimba m'gulu laling'ono, simungalidziwe. Anandijambula ndili ndi mnzanga. Loweruka pa 14, chionetsero cha masana, ndikapepesa m'holo ya pansi ku Akihabara. Akundiphunzitsa kuwerenga mpaka makumi atatu. Ndinkayesa amachita zimenezi kwa ine ndekha. Sindingathe kuchita zimene anachita Hotaru, koma zikomo."

Ndinayang'ana kalendala pakhoma. Pa 14 linali tsiku lotsatira.

"Tipita," anatero Chiharu.

"Tikachite chiyani? Tikamenyane ndi eni gulu?"

"Inu mukangondigwirira chikwama."

A Kumagai anafufuza pa foni n'kupeza gululo ndi holoyo. Loweruka masana tinatsika masitepe opapatiza, n'kulowa m'chipinda chopanda zenera, chonunkha thukuta ndi fumbi. Munali amuna oposa zana, ambiri atanyamula tindodo towala, ndiye ife azimayi awiri ovala majuzi. Anatiyang'ana ngati talowa m'bafa la amuna. Chiharu sanasamale. Anapita patsogolo ndi chigongono, uku akuti, "Pepani ana anga, ndine wamfupi, ndiloleni," ndipo amuna aja, posadziwa chochita ndi mayi wa msinkhu wa azakhali awo, ankapatuka. Tinafika kutsogolo kwenikweni. Nsanja inkatilekeza m'chiuno, ndipo pakati pake panali tepi yoyera yomatidwa mopingasa.

Atsikana asanu ndi awiri anaimba nyimbo zitatu. Kenako nyimbo zinazimitsidwa, asanu ndi mmodzi anabwerera kumbuyo, mmodzi n'kutsala. Anali wochepa thupi, wa makutu otuluka, m'munsi mwa maso mukunyezimira. Anayenda mpaka pa tepi, anaphatikiza zidendene, dzanja lamanzere pamwamba pa lamanja, n'kutsika. M'holo monse munali zii.

Chiharu anatsamira m'mphepete mwa nsanja, anapinda maondo, n'kutembenuzira nkhope yake m'mwamba, pansi penipeni pa nkhope ya mtsikanayo. Ine ndinali pambali pake chikwama chili m'manja, ndipo ndinaona zonse. Milomo ya Konoha inkagwedezeka. Maso ake anali pa tepi, kenako anasuntha pang'ono n'kupeza maso a Chiharu. Milomo inaima.

"Ine ndinafika makumi atatu," anatero Chiharu motsitsa, moti tinamva ndife atatu okha. "Kulibe kanthu kumeneko, mwanawe. Ndinakaonako."

Mtsikanayo anakhalabe chiweramire. Ndinaona dontho likugwa pa nsapato yake. Kenako anaweramuka, asanafike ngakhale pakati. Kumbali kwa nsanja bambo wina wa suti anatambasula khosi. Konoha anakweza maikolofoni, anatsekula pakamwa, anatseka, anatsekulanso.

"Zikomo pobwera," anatero. Tonse tinkadikira mawu otsatira aja, amene anamuphunzitsa. "Nyimbo yotsatira ndi yanga. Chonde ikani nyimbo."

Wina kumbuyo anakuwa mawu oipa. Palibe anamuyankha, palibenso anamuthandiza. Chiharu anayamba kuomba m'manja, yekha, pang'onopang'ono. Ndinapanikiza chikwama m'khwapa n'kuomba nawo. Kumanzere kwathu mnyamata wina wonenepa, wa magalasi, anayang'ana uku ndi uku, n'kuyatsa kandodo kake. Wina anayatsanso. Sanali onse, ndipo ena anatembenuka n'kukwera masitepe, koma amene anatsala anali okwanira kuti woyendetsa makina a nyimbo achite manyazi, n'kuika nyimboyo.

Konoha anayamba mochedwa, mawu akunjenjemera, ndipo pa mzere wachiwiri anaphonya. Pamenepo ndinamva mawu ena pambali panga, okhuthala, a munthu amene pakhosi pake pachita dzimbiri. Anali Chiharu. Pa zaka zonse zimene takhala m'chipinda chimodzi sindinamumvepo akuimba, ngakhale potsuka makapu. Nyimboyo sankaidziwa n'komwe. Ankangotsatira pambuyo, mawu ndi mawu, maso ali pa mtsikanayo, mpaka Konoha anaigwira bwino n'kupitiriza yekha.